Nkhope ya Pachiliza

GULU: CHILIZA CHA ABABA
Thokozire, mlongo wake Silvio, Ashiraf wa ma print

LACHIWIRI

09:14 Ashiraf: mwadzuka a Thoko. chithunzi cha malemu bambo anu chija ndachiona pa computer. pa ma t-shirt tikhoza kukakamiza, koma cha pa tailosi yomata pachiliza ayi. sichikuoneka bwino, opanga tailosi a ku Limbe achikana

09:15 Ashiraf: akufuna file pofika Loweruka 12 koloko kt aotche tailosiyo mwambo wovundukula chiliza usanafike

09:31 Thokozire: ndinadziwa. nde dzulo ndachilowetsa mu app ya AI ija yokonza zithunzi. taonani

09:31 Thokozire: 📷 chithunzi

09:32 Thokozire: clean. ngati ajambulidwa dzulo

09:33 Ashiraf: eee ichi nde chabwera bho

09:34 Thokozire: Silvio ukawaonetse amayi. osangoyankha uli pa stage

09:50 Silvio: ok mana, achemwali anga. ndili ndi customer panjinga, ndikamutsitsa pa msika wa Thambani ndidutsa kunyumba

12:40 Silvio: mana

12:40 Silvio: amayi akufunsa kt ndi ndani ameneyu

12:46 Thokozire: kkk iwe usayambe. ndi ababa

12:52 Silvio: mverani nokha

12:52 Silvio: 🎤 mawu a amayi Hermínia (0:44)
"Thoko mwanawe, ndine mayi ako. Bambo wanditumizirayu ndi wooneka bwino, sindikukana ayi, koma ukamubweze kwa mkazi wake. Horacio wanga analibe khutu la kumanzere. Analisiya kwathu ku Tete, anthu a mfuti aja atalidula nthawi ya nkhondo. Ine ndinakumana naye kukampu ya othawa nkhondo alibe kale, ndinakwatiwa naye ali choncho. Zaka zonsezi ndinkayenda kumanja kwake, kugona kumanja kwake, poti mbali inayo ankati samva bwino. Lero mwamumeretsa khutu. Mukufuna ndikalire pamanda a ndani?"

12:58 Thokozire: meu Deus, Mulungu wanga

12:58 Thokozire: sindinaone nkomwe

12:59 Thokozire: ine mwana wawo sindinaone

13:05 Ashiraf: vuto ndi photo yoyamba ija. Silvio anajambula chili mu felemu, flash yamenya pagalasi, yaphimba mbali yonse ya kumanzere. app yangoganiza kt pamenepo pali khutu ngati munthu wina aliyense

13:07 Silvio: fone yanga popanda flash mnyumba muja simuoneka kanthu

13:08 Thokozire: ok ndikonza. ndi nkhani yongoiuza

13:09 Silvio: poti mukukonza kale avekeni suti mana. jekete ija kolala yake ndi yong'ambika, abale athu a ku Zobue akubwera adzatiseka

16:20 Thokozire: ndailembera kt remove the left ear

16:20 Thokozire: yakana

16:21 Thokozire: akuti siingapange chithunzi chovulaza munthu

16:22 Thokozire: odulawo sanapemphe chilolezo kwa wina aliyense. lero app nde ikuchita manyazi

16:40 Thokozire: ndasintha, ndalemba kt man with one ear. onani

16:40 Thokozire: 📷 chithunzi

16:41 Silvio: yawaveka chipewa kkkk

16:41 Thokozire: 📷 chithunzi

16:42 Silvio: uyu ndi m'busa wa pa tv

16:43 Thokozire: 📷 chithunzi

16:44 Silvio: uyu amudzoza mafuta oyeretsa khungu. koma suti yake ili bho

16:45 Thokozire: usaseke Silvio. mutu ukundiwawa

LACHITATU

07:48 Ashiraf: a Thoko ndaona zimene mwatumiza dzulo. ndikufunseni, mukamakonza mukulowetsa chiti?

07:55 Thokozire: chomwe changotuluka. ndimangopitiriza pamenepo

07:57 Ashiraf: 🎤 mawu (0:52)
"Apo nde pakulakwika, achemwali. Chinthuchi sichikonza ngati telala wosoka chigamba ayi, chimajambulanso munthu yense kuyambira pachiyambi, ulendo uliwonse. Nde mukachipatsa chimene chatulutsa chokha, chimaonjezera bodza pamwamba pa bodza. Ili ngati nkhani ya mumsika, ikamafika kwa ogulitsa nsomba imakhala ina. Bwererani ku photo yoyamba nthawi zonse. Sinthani chinthu chimodzi basi, osati suti, khutu, background zonse pakamodzi. Ndipo muzilemba kuti keep the face exactly the same. Ngati app yanu ili ndi kaburashi kaja, pakani pokhapo mukufuna pasinthe. Ine ndimatero pa zithunzi za ukwati, nthawi zambiri zimatheka."

08:03 Thokozire: nthawi zambiri?

08:04 Ashiraf: a ukwati amakhala ndi zithunzi zambiri zoyerekeza. app ikaona nkhope yomveka bwino ya munthu yemweyo siisochera. inu muli ndi chimodzi

08:06 Thokozire: ndiyesa pa lunch. ma truck adzaza pa border, abwana ali pamsana panga

12:35 Thokozire: ndayambira ku original. suti ndaisiya kaye

12:35 Thokozire: 📷 chithunzi

12:36 Thokozire: 📷 chithunzi

12:36 Thokozire: 📷 chithunzi

12:37 Thokozire: mawu ndalemba amodzimodzi, photo yomweyo. atuluka anthu atatu osiyana

12:37 Thokozire: a Ashiraf zikutheka bwanji

12:44 Ashiraf: imatero. pomwe siikuona bwino imalota

13:30 Silvio: amayi akuti wapakatiyo maso ndi a ababa koma pakamwa ayi

13:31 Silvio: akuti ababa sankaseka choonetsa mano

13:33 Thokozire: ndatseka pakamwa

13:33 Thokozire: 📷 chithunzi

13:40 Silvio: pano maso athawa

13:41 Silvio: akuti mphuno yachepanso

13:52 Thokozire: 📷 chithunzi

13:58 Silvio: khutu labwerera mana

13:59 Thokozire: ndaona. ndili ndi maso

14:00 Thokozire: ndikapaka kaburashi pakhutu ikutembenuza mutu wonse. ndikalemba keep the face ikundipatsa face ya mwini wake

15:15 Thokozire: 📷 chithunzi

15:16 Thokozire: 📷 chithunzi

15:47 Thokozire: Silvio?

17:10 Silvio: 🎤 mawu a amayi Hermínia (0:31)
"Thoko, basi mwanawe. Chiyambire dzulo mlongo wakoyu..."

17:11 Silvio: pepani yaduka. iyi

17:11 Silvio: 🎤 mawu a amayi Hermínia (0:38)
"Ndimati chiyambire dzulo Silvioyu akungondibweretsera amuna achilendo m'nyumba, wina atuluke wina alowe, ngati ndalengeza kuti ndikufuna banja. Ndatopa. Mwamuna wanga ali pakhoma apa, pamwamba pa chitseko, sanasinthe. Inu ophunziranu mwalephera chiyani kungomutenga mmene alili n'kumuika pamwala? Musandionetsenso anthu amenewa. Akumandibwerera ndikatseka maso."

17:25 Thokozire: auze pepani

17:26 Thokozire: auze ndikuyesetsa

LACHINAYI

08:20 Ashiraf: ndayesanso ine pa computer ndi app ina. zomwezo. vuto si inu a Thoko, ndi kuwala kuja. theka la nkhope kulibe

08:21 Ashiraf: chithunzicho chituluke mu felemu. Silvio achijambule panja pamthunzi popanda flash, kapena abwere nacho kuno ku boma ndichite scan. tikapeza original yoyera AI sitiifunanso kwambiri, kungochotsa madontho basi

08:40 Silvio: zimenezo nde ayi

08:41 Silvio: amayi salola munthu kuchitsitsa. tsiku lija ndinachita kukwera pampando iwo atagwira mpandowo

08:43 Ashiraf: palibe china? cha pa ID, cha ukwati?

08:50 Silvio: 🎤 mawu (0:47)
"A Ashiraf, ababa kamera ankaithawa ngati ngongole. Akangoona wojambula ankatembenuka, kapena kukoka chipewa mbali ya khutu ija. ID tinawaika nayo m'bokosi, amalume anati munthu asapite opanda mapepala poti anavutika nawo kale pa malire. Ichichi anawajambula mwangozi. Munthu wina wa kamera ankayenda panjinga, anawapeza pamsewu akugulitsa manachesi, anawaitana dzina, iwo potembenuka basi wajambula. Amayi anachiwombola ndi nkhuku, ababa anakhala sabata osawayankhula. Nde chimenecho ndi chokhacho. Amachipukuta ndi nsonga ya chitenje Lamulungu lililonse asanapite ku tchalitchi."

09:02 Thokozire: mawa Lachisanu amayi amapita ku mapemphero a limana 11 koloko

09:03 Silvio: mana ayi

09:03 Thokozire: mphindi zochepa chabe. utsitse, utsegule kumbuyo, ujambule, ubwezere. sadziwa nkomwe

09:05 Silvio: bwanji tingoika dzina lokha pachiliza. manda ambiri alibe zithunzi

09:09 Thokozire: ndinawalonjeza amayi pamaliro. pamaso pa anthu

09:10 Thokozire: ababa anakhala moyo wonse akubisa nkhope. ana anga sawadziwa. ndikufuna aoneke kamodzi kokha mmene analili

09:11 Thokozire: iwe ukuopa kukalipiridwa basi

09:30 Thokozire: Silvio

11:15 Thokozire: ndikuona kt wawerenga

14:02 Silvio: ok

LACHISANU

11:38 Silvio: apita. ndatsitsa

11:44 Silvio: timisomali takumbuyo tachita dzimbiri koma ndachotsa

11:47 Silvio: mana pali vuto

11:47 Silvio: chamatirira kugalasi

11:48 Silvio: 📷 chithunzi

11:49 Thokozire: chonse?

11:49 Silvio: m'mbali mukutukuka koma pakati pagwira. pankhope penipeni. mwina ndi chinyezi cha mvula ija inkadontha pakhomo

11:50 Thokozire: a Ashiraf titani

11:53 Thokozire: a Ashiraf

11:55 Thokozire: 📞 mwaimbira Ashiraf, sanayankhe

11:58 Thokozire: 📞 mwaimbira Ashiraf, sanayankhe

12:06 Silvio: ndibwezere?

12:07 Thokozire: dikira

12:15 Silvio: limana silichedwa mana. akangomaliza kolona abwera

12:17 Thokozire: ukukumbuka mmene tinkamatulira ma label a mabotolo a ababa oikamo uchi? madzi ofunda pang'ono, pepala limadzichokera lokha

12:18 Silvio: ili si botolo

12:18 Thokozire: pang'ono chabe. ka mbale, uviike galasilo, uwerenge mpaka teni

12:19 Silvio: mukutsimikiza?

12:19 Thokozire: chita Silvio nthawi ikutha

12:26 Thokozire: zatheka?

12:31 Thokozire: ?

12:38 Thokozire: Silvio yankha plz

12:44 Silvio: 📷 chithunzi

12:44 Silvio: pepala lachoka

12:45 Silvio: nkhope yatsala m'madzi

12:45 Silvio: yasungunuka ngati utoto. ndinayesa kuigwira ndi chala

12:46 Silvio: kwatsala jekete ndi dengu la manachesi

12:52 Silvio: mana

13:04 Silvio: mana lankhulani

13:36 Ashiraf: pepani ndinali ku mzikiti ku Juma fone ndinazimitsa. MUSACHICHOTSE. bweretsani ndi galasi lomwe, scanner imawerenga bwinobwino. ndipo chisakhudze madzi

13:37 Ashiraf: ooh

13:37 Ashiraf: ndaona pamwambapa

13:39 Ashiraf: inna lillahi. pepani abale. dzulo ndikananena

14:10 Silvio: abwera

14:11 Silvio: ayang'ana pa msomali. kenako ayang'ana ine

14:11 Silvio: kenako ayang'ana mbale ya madzi ija

14:30 Thokozire: wawauza kt ndine ndinakutuma?

14:33 Silvio: ndawauza kt ndine

14:34 Thokozire: apatse fone ndilankhule nawo

14:41 Silvio: akana

14:42 Silvio: atenga mbale ya madzi ija alowa nayo kuchipinda. akuti ndisataye

15:20 Silvio: bola akanandimenya mana

THOKOZIRE NDI ASHIRAF, PAWIRI

16:02 Thokozire: a Ashiraf ndapempha kuweruka msanga. ndili kuseri kwa office

16:03 Thokozire: chatsala ndi ka photo ka flash kaja basi. theka la nkhope

16:05 Ashiraf: limbani mtima achemwali. ikani dzina ndi mtanda, ma t-shirt tilembe mawu okha. anthu amvetsa

16:09 Thokozire: 🎤 mawu (0:58)
"Si za anthu, a Ashiraf. Mukudziwa chimene chikundiopsa? Panopa ndakhala pano ndatseka maso kuti ndiwaone ababa. Sakubwera. Akubwera wa chipewa uja, akubwera m'busa uja, akubwera wa mano oyera uja. Ndawayang'ana kwambiri anthu amenewa sabata ino moti alowa m'mutu, akhala pamalo pawo. Mawu awo ndikuwamva, mmene ankatsokomolera m'mawa ndikukumbuka, koma nkhope yachoka. Ndiye ine ndi wa zaka makumi atatu. Nanga amayi, maso akuchita kale mdima aja? Ndawalanda mwamuna kachiwiri. Koyamba anatenga ndi Mulungu, kachiwiri ndine, ndi mbale ya madzi."

16:15 Ashiraf: musadziweruze choncho

16:31 Thokozire: munanena kt app ikaona nkhope yomveka bwino siisochera

16:32 Ashiraf: ya munthu yemweyo ee

16:33 Thokozire: aliyense amati Silvio ndi photocopy ya ababa. chipumi, masaya, kaimidwe. akamadutsa panjinga azimayi a ku Thambani amati Horacio wadzuka

16:34 Thokozire: ndili ndi photo yake ya pa Khrisimasi. yoyera bwino

16:36 Ashiraf: a Thoko

16:37 Ashiraf: ife kwathu pamanda sitiikapo nkomwe chithunzi, koma ngakhale ine ndikudziwa. nkhope ya munthu wamoyo pachiliza ndi malodza. mukumuitanira

16:38 Thokozire: siikhala yake. ingoithandiza app kudziwa njira. ndiiuza imukulitse, imvi, makwinya, jekete ya ababa

16:39 Ashiraf: mufunseni kaye mwini wake

16:39 Thokozire: ndikamufunsa akana

16:40 Thokozire: ndipo lero ndamupweteka kale mokwanira

17:05 Thokozire: 📷 chithunzi

17:05 Thokozire: 📷 chithunzi

17:06 Thokozire: 📷 chithunzi

17:06 Thokozire: onani. katatu konse munthu mmodzimodzi. ndasintha background, sanasinthe. ndakonza kolala, sanasinthe

17:07 Thokozire: sabata yonse ndimafuna zimenezi

17:08 Thokozire: ndikulira ngati chitsiru pano

17:12 Ashiraf: akufanana ndi bambo anu?

17:20 Thokozire: sindikudziwa

17:20 Thokozire: ndikuganiza choncho

17:22 Thokozire: khutu lokha. app siilola. mungalifufute pamanja pa computer? musiye kachipsera kakang'ono, kanali ngati kamfundo

17:40 Ashiraf: ndichita poti mwandipempha. koma kutumiza ku Limbe sinditumiza mpaka nonse awiri munene

18:25 Ashiraf: 📷 chithunzi

18:27 Thokozire: zkm

18:27 Thokozire: musamuuze Silvio

GULU: CHILIZA CHA ABABA

LOWERUKA

07:12 Thokozire: Silvio amayi adzuka bwanji

07:30 Silvio: sanadye dzulo. panopa angokhala pakhonde

07:32 Thokozire: 📷 chithunzi

07:32 Thokozire: aonetse ichi. chomaliza, sindidzatumizanso china

07:34 Silvio: mana anakana kale zimenezi

07:34 Thokozire: ndakupempha. usachiyang'ane nkomwe iwe, ungowapatsa fone

08:15 Thokozire: ?

08:40 Silvio: 🎤 mawu a amayi Hermínia (1:04)
"Thoko. Thoko mwanawe. Wamupeza kuti? Ndi yemweyu. Ndi Horacio ameneyu, wanga uja. Taona chipumi, taona mmene akuyang'anira ngati wina wamubera nachesi padengu. Dzulo ndinati basi, ndatsala ndekha, ndikafa ndikamusochera kumeneko poti sindimuzindikira. Usiku ndimayesa kumukumbuka, amangobwera msana wokha akupita kumsewu. Koma uyu ndi iyeyo. Akuonekanso wonenepa bwino, ngati asanayambe kudwala. Obrigada, zikomo mwanawe, Mulungu akudalitse ndi makina akowo. Za dzulo zija ndakhululuka, nonse awiri. Muikeni pamwala ameneyu. Ndizikakhala naye pansi n'kumacheza."

08:44 Thokozire: 🙏

08:45 Thokozire: a Ashiraf mwamva

08:47 Ashiraf: ndamva. ndikudikira Silvio

09:20 Silvio: amayi andibwezera fone tsopano. anaigwira nthawi yonseyi

09:26 Silvio: mana

09:26 Silvio: chipsera chili pachibwanochi

09:27 Silvio: ababa analibe

09:27 Silvio: ndi changa ichi. ndinagwa panjinga pa mlatho chaka chatha, munandiperekeza ndinu kokasoka

09:29 Silvio: ndi ine ameneyu

09:35 Silvio: mana ndikufunsa

09:41 Thokozire: ndi app inasakaniza pang'ono chabe

09:41 Silvio: musandinamize

09:42 Silvio: a Ashiraf ndi ine kapena si ine

09:50 Ashiraf: ndi photo yanu ya pa Khrisimasi achimwene. anaikulitsa. khutu ndinafufuta ndine. pepani

09:58 Silvio: 🎤 mawu (0:49)
"Mana, ine ndimakwera njinga tsiku lililonse mumsewu wa ma truck. Mkazi wanga ndi woyembekezera, mukudziwa. Ndiye mwanditenga ine wamoyo, mwandimeretsa imvi, mwandidula khutu, mukufuna mukandimate pamanda, pansi pake alembe kuti uwuse mumtendere. Anthu adzavundukula nsalu ija n'kuona ine nditaima pomwepo, ndiponso ndili pamwala. Mwana wanga adzakula akuona bambo ake pamanda. Dzulo ndinasenza mlandu wanu, sindinadandaule. Koma izi, mana, mukanandifunsa. Mukanangondifunsa."

10:03 Thokozire: ukanakana

10:03 Silvio: ee ndikanakana

10:05 Thokozire: desculpa, pepa Silvio. ndinalibe china

10:06 Thokozire: chipseracho a Ashiraf akhoza kuchotsa

10:06 Silvio: muchotse chipsera nde asanduka ababa?

10:12 Thokozire: ukawauze amayi nde. ine sindingathe

10:13 Thokozire: ukawauze kt amene amupeza mmawa uno si iwo. kt kulibenso kwina kokawapeza

10:50 Ashiraf: abale, a ku Limbe aimba. akuti ikakwana 12 atseka, tailosi siituluka mwambo usanafike. ndinene chani?

11:05 Ashiraf: a Thoko?

11:06 Thokozire: si ine woyankha

11:20 Ashiraf: Silvio?

11:31 Silvio: ndinapita kt ndiwauze

11:32 Silvio: ndawapeza akusesa pabwalo akuimba nyimbo za kwawo zija. chimwalirire ababa sindinawamvepo akuimba

11:32 Silvio: andifunsa ngati ndingawatsukitsire china chachikulu choika pa msomali paja

11:33 Silvio: ndangoti ee

11:44 Ashiraf: nde nditumize?

11:52 Silvio: tumizani

11:53 Silvio: koma kumandako ine sindidzapondako. pa mwambo mudzanene kt ndadwala

11:54 Thokozire: Silvio

11:54 Thokozire: ndi manda a ababa ako

11:56 Ashiraf: yapita

11:58 Thokozire: Silvio ndiyankhe

12:03 Thokozire: 📞 mwaimbira Silvio, sanayankhe

12:04 Silvio watuluka m'gululi